Kumene Adzadzukire Mkamwini wa ku Chisi

Pakhomo pathu pano pa Kuntumanji panali amuna awiri amene anandisokosa m'makutu kuyambira ndili ndi mwana kumbuyo mpaka imvi zitandimera: mwamuna wanga ndi achimwene anga. Mwamuna wangayo ndinkawaitana kuti Bambo, ndipo ndi mmene ndiziwatchulira muno. Anali msodzi wa ku Chisi, chilumba cha pa nyanja ya Chilwa. Anabwera kwathu ngati mkamwini, anamanga nyumba pamene amayi anawalozera ndi chala, n'kukalambira pomwepo. Achimwene ndiwo anali mwini mbumba, komanso mkulu wa mpingo kutchalitchi chimene ife timapempherako kuyambira pamene agogo athu anafika kuno kuchokera ku Mozambiki. Bambo sanalowe tchalitchi chathu. Anali ndi mpingo wa kwawo, ndipo tsiku lopemphera likafika, iwo ankalowera kwawoko, ine kwanga.

Dzuwa likapendeka, awiriwa ankakhala pansi pa mtengo wa mango ndi thabwa la bawo pakati pawo. Njere zikangoyamba kugwa m'maenje, mkangano nawo unkayamba, ndipo unali umodzi womwewo chaka ndi chaka: ufumu wa Mulungu. Achimwene ankati ufumuwo unafika kale, ndi wauzimu, uli m'mitima ya anthu. Munthu akakhululukira mnzake, akagawira wanjala, ndi womwewo, palibenso wina wodikira. Bambo ankapukusa mutu. Kwa iwo ufumu unali boma lenileni limene lidzabwera pansi pano, pa dothi lomweli. Akufa adzadzuka ndi matupi awo pamalo pamene anagonekedwa, adzalima, adzavuula nsomba za makumba, ndipo nyanja ya Chilwa sidzaumanso.

"Alamu," Bambo ankatero akuponya njere, "ufumu wanu wa mumtimawo unayamba waingitsapo mbalame mumpunga?"

"Nanga wanuwo wafika pati, alamu?" Achimwene ankabweza. "Wanyamuka ku Zomba? Kapena minibasi yake ikudikirabe kudzaza?"

Ankaseka mpaka kutsokomola, kenako wina ankati mnzake waba njere, mkangano n'kuyambiranso. Ine ndinkapeta mpunga chapatali ndikumvetsera, koma sindinkagwirizana ndi aliyense. Ine sindikhulupirira munthu msanga, ndinabadwa choncho. Achimwene akamati ufumu uli m'mitima, ndinkayang'ana mitima ya anthu a m'mudzi mwathu, omwe aja ankandibera nkhuku, ndipo sindinkauona bwinobwino. Bambo akamati ukubwera, ndinkakumbukira anthu ambiri amene anaima pano n'kunena kuti akubweranso ndi mjigo, ndi msewu, ndi mankhwala, osaonekanso. Choncho ndinkapemphera kwa Mulungu, chitseko ndikutsekabe ndi mpiringidzo.

Zinthu zinasintha mnansi wathu atamwalira. Nayenso anali mkamwini wa ku Chisi, ndipo anakhala ndi mkazi wake kuno mpaka onse mano atatha. Mwambo wake ndi wodziwika: mkamwini akatsikira kulichete, abale ake amabwera kudzamutenga kuti akagone kwa makolo ake. Fupa ndi la eni ake. Tinaperekeza maliro mpaka padoko la Kachulu, bokosi linakwezedwa m'boti, ndipo patapita masiku mkaziyo anabwerako yekha, atanyamula chipewa cha mwamuna wake m'manja.

Kuyambira pamenepo Bambo anakhala chete. Ankagonja pa bawo osadandaula, osanena kuti Achimwene aba njere. Mlamba wowamba umene ankaukonda ankangounyema pang'ono n'kukankha mbale. Ine maganizo anathamanga. Ndinayamba ndi matenda obisa, ndiye ndinkawayang'ana poyenda ndi potsokomola. Kenako ndinaganiza kuti agulitsa ukonde osandiuza, ndinakauwerama kukhitchini, unalipo. Ndinafika mpaka poganizira mkazi wina, ngakhale pa msinkhu umenewo, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Anandiuza okha m'mawa wina tili kudambo, tikuingitsa mpheta mumpunga umene unali utayamba kucha. Anaponya dothi, mbalame zinauluka, iwo n'kulankhula osandiyang'ana.

"Mayi, tsiku lodzuka lija, ine ndidzadzukira ku Chisi. Inu kuno."

"Ndiye?"

"Ndiye pakati pathu padzakhala nyanja."

Ndinaseka mpaka mbalame za m'munda wa eni zinauluka. Ndinati, munthu wamkulu kusiya kudya chifukwa cha zimenezo? Koma iwo sanaseke. Anati akufuna akadzafa adzagone kuno, kumanda kwathu, kuti potsegula maso asadzayambe ndi kufunafuna bwato.

Ndinasiya kuseka. Zoti akufa adzadzuka ndi miyendo yawo sindinkadziwa ngati n'zoona. Koma ndinakumbukira kuti ku Chisi kunagona mtsikana wina amene Bambo anamufunsira asanandione ine. Anamwalira adakali wosalala, mano onse ali m'kamwa. Ngati Bambo ankanena zoona, ndiye kuti tsiku limenelo iwo adzadzuka, iyenso adzadzuka chapafupi pomwepo, ine ndili tsidya lino ndikukuwa pagombe. Ndinawauza zimenezi, ndipo ndi pamene anaseka koyamba pa masabata onsewo, mpaka anakhala pansi pa mzere wa munda. Chifukwa china sindinawauze, choti chipewa cha mnansi chija chinkandibwerera m'maso. Zina munthu sumauza mwamuna, amadzikweza nazo.

Tinapita kwa Achimwene, poti manda a mbumba yathu ankayang'anira ndi iwo. Anamvetsera akumwetulira ngati munthu amene wapeza mono wodzaza.

"Mwaona, alamu? Chiphunzitso chanu chakulandani chilakolako cha mlamba. Kwa ine thupi ndi mankhusu, mpunga wake umakhala utapita kale. Koma malo alipo. Mudzagona kuno."

Anavomera msanga kwambiri, ndipo zimenezo zinandikayikitsa. Achimwene sankavomera kanthu osayamba akana. Ndinawayang'anitsitsa masiku angapo kuti ndione chimene akubisa. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti nawonso sankafuna kuona mnzawo wa bawo akukwezedwa m'boti, mankhusu kapena ayi.

Vuto linali tsidya lija. Bambo anali ndi mlongo wawo wamkulu ku Chisi, ndipo popanda mawu a mayi ameneyo, ana ake akanadzabwera ndithu kudzatenga malume awo. Tinagwirizana zopita kukapempha. Achimwene anati atiperekeza, ndipo anadziguguda pachifuwa kuti nkhaniyi ndi yaing'ono.

"Ndikangowafotokozera kuti ufumu ndi wauzimu, aona okha kuti manda alibe ntchito. Atipatsa munthuyu ndi manja awiri."

"Achimwene," ndinawachenjeza, "tikupita kukapempha, osati kukalalikira."

"Mlongo, ine ndi mkulu wa mpingo. Ndimadziwa polowera."

Titamweta mpunga tinanyamuka m'mamawa pa makabaza, ine nditafungatira tambala, thumba la mpunga watsopano lili pa njinga ya Achimwene. Pa Kachulu panali piringupiringu wa masiku onse, matemba atayanikidwa mbee, utsi wa milamba ukuyabwa m'maso, amayi ogula nsomba akukuwirana ndi asodzi. Ndinayendera maboti onse ndisanasankhe, ndikugogoda matabwa ndi chala. Mwini boti anandifunsa ngati ndikufuna kugula. Ndinati ndikufuna kukafika. Ndinakhala pakati penipeni, dzanja lina pa tambala, lina pa malaya a Bambo.

Koma Bambo pamadzi anasanduka mnyamata. Tikudutsa m'tinjira ta m'udzu wautali wa njedza ankaloza uku ndi uku: apa ndi pamene anagwira mlamba wotalika ngati mwendo, apo ndi pamene chimbowera chawo chinali, kanyumba koyandama kamene ankagonamo pa nyengo ya usodzi. Ankaitana asodzi osawadziwa n'kuwafunsa kuti ndi ana a yani. Phiri la Chisi litayandikira anavula chipewa. Ndinaona pamenepo kuti chinthu chimene ankafuna kusiya chifukwa cha ine sichinali chaching'ono.

Alamu anga a ku Chisi anali mayi wamfupi, wouma ngati nsungwi, wa maso osaphethira. Ndinali nditakumana nawo pa maliro ndi pa maukwati, koma tinali tisanakhalepo pansi n'kucheza. Atationa tikukwera kuchokera kugombe anaika dzanja pamphumi.

"Alamu ndawazindikira. Achimwene awo ndawazindikira. Nanga mkulu wa imviyu ndani? Nkhope ngati ndinaionapo."

"Ndine, achemwali," Bambo anatero mwamanyazi.

"Kodi kwamwalira ndani? Poti inu kuno mumabwera pakagwa maliro."

Analandira tambala n'kumuyeza kulemera m'manja, anatsegula thumba n'kununkhiza mpunga, kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mumtima ndinati, lero ndakumana ndi mnzanga. Uyu nayenso sakhulupirira munthu.

Anatiyalira mphasa, anatipatsa thobwa. Ana awo aamuna anabwera kudzapereka moni kwa malume awo, n'kukhala pambali. Titadya mpunga wa makumba, Achimwene anakonza kukhosi. Anayamba bwino, anathokoza chifukwa cha mkamwini wabwino amene a ku Chisi anatipatsa, n'kunena chimene tabwerera. Akanalekera pomwepo. Koma anaona anthu atatchera khutu, ndipo ulaliki unawagwira.

"Ndipo musadandaule, mayi, chifukwa kunena zoona manda alibe kanthu. Zoti anthu adzatuluka m'dothi ndi zidendene zawo zong'ambika n'kuyambanso kupalasa mabwato, zimenezo ndi zomvetsa ana. Ufumu ndi wauzimu. Uli muno," anadzigunda pamtima, "unafika kale."

Ndinawatsina pa mwendo, koma madzi anali atatayika. Banja lonselo linali la mpingo wa Bambo. Mwana wamkulu wa alamu anaimirira, wina anathamangira m'nyumba kukatenga buku lopatulika, anansi anamva phokoso n'kubwera ndi mipando yawo. Posakhalitsa bwalo lonse linali mkangano. Wina ankafunsa kuti ngati ufumu unafika kale, bwanji udzudzu ukulumabe? Achimwene ankayankha kuti udzudzu suluma mtima. Mayi wina wachikulire anakuwa kuti iye akufuna mawondo atsopano, osati mawondo auzimu. Anthu ankaseka, ankawomba m'manja, ankatsegula masamba n'kulozerana ndi zala. Achimwene anali yekha pakati pa chilumba chonse, thukuta lili kamukamu, akusangalala ngati ali pa ukwati. Anali ataiwaliratu chimene tinabwerera.

Alamu anadikira phokoso litsike, kenako analankhula motsitsa mawu.

"Bambo mkulu wa mpingo, mwalankhula bwino, ndipo mwatisangalatsa. Koma yankho ndi ayi. Amayi athu agona paja, pafupi ndi mlambe uja. Tsiku limenelo adzadzuka, adzayang'ana uku ndi uku, n'kundifunsa kuti mwana wanga wamwamuna ali kuti. Ndidzawayankha chiyani?"

Ndinayang'ana Bambo kuti ayankhe. Akanatsutsa bwanji? Zimene mlongo wawo ankanena ndi zomwe iwo ankakhulupirira. Wotsutsana nawo moyo wonse ndiye anawapatsa malo, okhulupirira nawo limodzi ndiwo ankawakaniza.

"Komanso vuto lili pati?" alamu anapitiriza akundiyang'ana. "Akadzadzuka adzatenga bwato n'kukupezani."

"Bwato la yani?" ndinafunsa. "Onse adzakhala atawola. Ndipo munthuyu ndimamudziwa ine. Akadzangofika pa Kachulu n'kupeza anzake onse adzuka, adzayamba kufunsana za nsomba. Ine ndidzadikira zaka chikwi ndiwo zikuzizira."

Anthu anaseka, alamu nawo pakamwa panagwedera pang'ono, koma mutu anapukusabe.

Ubwino wa munthu wokayikira ndi woti maso ake sagona. Nthawi yonse ya mkangano ija ine sindinkayang'ana olankhula, ndinkayang'ana alamu. Ulaliki wa Achimwene sankaumvetsera n'komwe. Maso awo anali pa manja a Bambo. Pakudya paja alamuwo ankachotsa minga pa nsomba n'kuika mnofu m'mbale ya Bambo, ngati akudyetsa mwana. Ndinaonanso denga la nyumba yawo, udzu utawola mbali imodzi, ngakhale anali ndi ana aamuna. Nditafunsa mpongozi wawo mwakachetechete, anati amayi salola wina kulikhudza, amati anafolera ndi mlongo wawo ndipo palibe wina amadziwa kumanga choncho.

Nditaona akutolera mbale ndinawatsatira kuseri kwa nyumba. Tinayamba kutsuka limodzi. Kenako anaika mbale pansi mwamphamvu.

"Alamu, mwawoloka nyanja yonseyi kudzandiuza za mtembo. Ine mlongo wanga wamoyo ndinamuona liti? Munamutenga tsitsi lili bii, mwandibweretsera lero mutu uli mbuu, ndipo mukuti ndikupatseninso mafupa."

Zinali zoona kuti Bambo sindinkawalola kutalikira. Koma sindinabwere kudzalapa, ndinabwera kudzatenga malo. Ndinaganiza mofulumira ngati mmene ndimaganizira pamsika.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, alamu. Za tsiku lodzuka tonse sitikudziwa kuti lidzafika liti. Bwanji inu mutenge wamoyo, ine mundisiyire wakufa? Chaka chilichonse tikamweta mpunga azibwera kuno, azikhala mpaka mitambo ya mvula itayamba kusonkhana."

Alamu anafunsa mokayikira:

"Mukandinamiza?"

"Nanga inu mukadzandinamiza? Ine ndiyamba kupereka, inu mudzapereka kumapeto, ine ndilibenso pogwira."

"Ndiye muzibwera naye limodzi, muzidzandilondera."

"Mumaganiza kuti ndingamutumize yekha?"

Apo ndi pamene anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka anagwira khoma. Tinabwerera kubwalo manja ali onyowa, ndipo alamu anaitana ana awo onse kuti amve ndi makutu awo. Ananena pangano lonse momveka, ine ndinawapempha kuti abwerezenso, anabwereza. Tambala uja anaphedwa tsiku lomwelo. Achimwene m'boti pobwerera ankauza aliyense kuti ulaliki wawo ndiwo unafewetsa mitima.

Zaka zimene zinatsatira ndi zimene ndimazikumbukira ndikafuna kuseka ndekha. Mpunga ukangolowa m'nyumba, tinkamanga katundu. Chaka choyamba Bambo anafolera denga lija, mlongo wawo ali pansi akuwalamula ngati kamnyamata. Ankaluka miono ndi ana a mlongo wawo, ankapita nawo kunyanja m'mawa, n'kubwerako akununkha matope ndi nsomba, akuimba. Ananenepa. Ine ndi alamu tinkakangana za mchere wa m'ndiwo, za kapetedwe ka mpunga, za amene amadziwa bwino zimene Bambo amakonda. Tinkakhala pakhonde tikusenda chinangwa n'kumaunika aliyense wodutsa, iwo akundiuza kuti uyu ndi wabodza, uyo anabweza poto wobooka. Sindinapezepo munthu wondimvetsa ngati mayi ameneyo. Tsiku lina anandilozera kumene kunagona mtsikana uja, n'kundinong'oneza kuti sanali wokongola kwenikweni, ndipo ankapsereza ndiwo. Sindinawakhulupirire, koma ndinakondwa.

Achimwene anapirira chaka chimodzi chokha. Chaka chachiwiri, tisanathe n'komwe sabata, tinangoona munthu akutsika m'boti thabwa la bawo lili kukhwapa. Anati anabwera kudzaona ngati ine mlongo wawo ndikusamalidwa. Anthu a pachilumba anamva kuti mkulu wa ufumu wa mumtima wafika, ndipo masana aliwonse ankasonkhana kudzawayesa ndi mafunso atsopano amene anawasungira chaka chonse. Sanatembenuze munthu ngakhale mmodzi, iwonso sanatembenuke, koma ankabwerera kwathu atanyamula nsomba zouma zowapatsa adani awo.

Chaka chimene nyanja inauma sitinaphonye. Tinayenda pansi pamene kale pankadutsa maboti, dothi litang'ambikang'ambika ngati mphika wakale, mabwato atagona chammbali padzuwa. Chinali chaka chovuta, nsomba kunalibe. Komabe ndili pakati pa nyanja youmayo ndinawauza Bambo kuti taonani, mwina tsiku lanu lija mudzangoyenda wapansi. Anati ayi, m'ufumu nyanja idzakhala yodzaza mpaka m'mphepete, n'chifukwa chake nkhani ya malo inali yofunika. Pa zimenezo sankagonja.

Masana ena ku Chisi, madzi atabwerera, tinali titadya, ana akusewera, alamu akuwodzera atatsamira phewa la Bambo. Achimwene anayang'ana zonsezi n'kuloza ndi chibwano.

"Alamu, tayang'anani. Mwakhuta, mlongo wanu ali apa, akazi awiri ovuta kwambiri m'boma la Zomba akudyera mbale imodzi. Ngati uwu si ufumu, ndi chiyani?"

Bambo anaponya njere zawo modekha. "Uku n'kulawa mchere chabe, alamu. Mphika sunaphulidwe."

"Koma mwavomera kuti ndiwo zake ndi zomwezo."

"Sewerani, mukuchedwetsa."

Bambo anatisiya nyengo yachisanu, mphepo ya mwera ikuwomba, atadwala masiku ochepa, tisanawoloke chaka chimenecho. Uthenga unapita ku Chisi pa foni. Tsiku lotsatira ndili m'nyumba ya siwa, munthu wina wochokera ku Kachulu anabwera kudzanong'oneza kuti kwafika boti lalikulu lodzaza amuna a pachilumba, ndipo akufunafuna ngolo. Ngolo ya chiyani, ngati si yodzanyamulira bokosi? Ndinati ndinadziwa ine. Zaka zonsezi anadya wamoyo, lero abwera kudzatenganso wakufa.

Ndinadzuka pamene ndinakhala, ndinakakhala pakhomo penipeni, miyendo nditatambasula, msana utatsamira mphuthu. Amayi a mpingo anandinyengerera kuti ndilowe, ndinakana. Ndinati amene akufuna kutulutsa munthuyu ayambe wanyamula ine.

Ngolo inafika dzuwa lili pamutu, amuna akuyenda m'mbali mwake akuimba. Ng'ombe zinkakoka movutikira, ndipo ndinadabwa kuti ngolo yopanda kanthu ikulemera bwanji. Itaima ndinaona alamu atakhala pamwamba, atafunda chitenje, ang'ono ngati mbalame. Pansi pawo panali miyala. Miyala ya m'phiri la Chisi, yodzaza ngolo.

Ana awo anawatsitsa, anayenda ndi ndodo mpaka pamene ndinali, n'kundiyang'ana ndi maso awo aja.

"Alamu, chokani pakhomo, sindinabwere kudzaba. Ndabweretsa miyala ya kwawo. Akadzadzuka adzayambe waona chinthu chochidziwa, asadzasokonezeke."

"Nanga amayi anu akadzafunsa?"

"Ndidzati ali kwa mkazi wake, ndipo mkazi wakeyo salola."

Ndinalira ndikuseka, iwonso chimodzimodzi, titagwirana pakhomo pomwepo, anthu osadziwa kuti atitonthoze kapena atisiye.

Mwambo anatsogolera a mpingo wa Bambo. Kumanda Achimwene anapatsidwa mpata ngati mwini mbumba, ndipo ndinaopa kuti ayambanso ulaliki. Koma ananena mawu ochepa. Anati iwo amakhulupirira kuti alamu awo ali kale m'manja mwa Mulungu, pamene alamuwo ankati adzagona n'kudikira. Anati mmodzi wa awiriwa analakwitsa, ndipo ngati wolakwitsayo ndi iwo, sadzavuta kupezeka, adzakhala atagona chapafupi pomwepo, alamu adzangotambasula dzanja n'kuwadzutsa kuti awaseke. Anthu a mipingo yonse iwiri anavomera pamodzi. Ana a ku Chisi anazunguliza miyala ija pamanda, ndipo kumanzere anasiya malo.

Malo amenewo ndi anga. Ndinauza okumba manda, aliyense payekha, kuti wina akadzaiwala mnzake adzamukumbutse. Ndinauzanso ana anga, ndi adzukulu, ndi mkazi wa Achimwene amene saiwala kanthu. Pakagwa maliro m'mudzi muno ndimafunsa msanga kuti akukumba mbali iti.

Amene ankanena zoona pa awiri aja sindikumudziwabe. Kutchalitchi ndimamva za ufumu wa mumtima ndipo ndimakumbukira khonde la ku Chisi, sinditsutsa. Ndikadutsa pafupi ndi msitu wa kumanda ndimakumbukira mphika wa Bambo wosaphula, sinditsutsanso. Ufumuwo ukabwera, udzandipeza pamalo oyenera, bwato sindidzalifuna.

Chaka chino nditamweta mpunga ndinamanga kathumba, ndinagwira nkhuku, ndinakagogoda maboti pa Kachulu. Alamu tsopano saona bwino, koma anandizindikira ndi kayendedwe, ndipo anayamba kudandaula za mchere ndisanakhale n'komwe pansi. Ana anga amati ndakalamba, ndisiye kuwoloka nyanja, pangano linatha. Ine ndimati pangano lija silinanene tsiku lothera. Mayi amene uja ndimamukonda, koma ana ake ali ndi makasu, ndipo boti lalikulu lija lidakalipo.